Tsiku la Bambo a Maria ku London

Lachiwiri, 3 Sepitembala 1946

Lero masiku khumi ndi awiri chitsikire sitima pa Chipoka bambo a Maria. Zaka zinayi ku usilikali wa Keyala. Kenya, Burma, kenako London kukaguba pa perete wa kutha kwa nkhondo. Anthu akubwerabe kudzawalonjera. Lero anayi, wina ndi nkhuku. Funso ndi lomwelo: "Nanga ku Mangalande kuli bwanji?" Iwo: "Kumazizira." Basi. Alendo n'kumayang'ana ine ngati mawuwo ndawabisa ndine.

Awonda. Malaya amene ndinawasokera akungolendewera m'mapewa. Maria sanawazolowere, amawasuzumira ali kuseri kwa nkhokwe. Anamusiya ali kumsana.

Ndikusangalala kuti abwera amoyo. Zoonadi ndikusangalala. Koma m'nyumba muli ngati mwafika mlendo waulemu, wothokoza madzi osamba, wothokoza mphasa.

Lachisanu, 6 Sepitembala

Kutentha kwayamba. M'mawa wonse pa mtondo, mpunga.

Asiyatu wadutsa ndi dengu la usipa. Mkazi wa malemu Che Binali. Amuna athu analembedwa usilikali tsiku limodzi pa Salima, ku Burma anali limodzi. Che Binali anamwalira ndi malungo ku kampu ya ku Kenya mu Epulo, nkhondo itatha kale. Kalata yochokera ku boma inangonena zomwezo, mizere itatu. Ndinamuwerengera ndine.

Atangomva mawu ake panjira, bambo a Maria analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Munthu wamkulu, sajeni.

Asiyatu anakana mpando. "Ndimangodutsa. Muwapatse moni alamu akabwera." Nsapato zawo zili poyera pakhonde. Anaziona. Manyazi amene anandigwira!

Nditawafunsa, anangoti, "Ndidzapita. Koma osati lero."

Lamulungu, 8 Sepitembala

Titaweruka ku tchalitchi ndinatulutsa za m'bokosi lawo kuti ndiyanike, zinayamba kununkha nkhungu. Pansi penipeni makhadi anayi a zithunzi. Nsanja yokhala ndi wotchi. Mlatho wa nsanja ziwiri. Mkango wachitsulo, pamutu pake nkhunda. Msewu wodzaza mabasi osanja.

Ndi kapepala kopindapinda, dzanja lawo:

Msika wa nsomba. Wotchi yaikulu. Sitima ya pansi pa nthaka. Mlatho wotseguka pakati. Mtsinje, ukafunse muli nsomba zanji.

Zitatu zoyambazo anazichonga. Ziwiri zomalizazo ayi.

Anandipeza ndili nako m'manja. Sanakalipe. "Si zanga izo. N'za Binali. Iye ankanena, ine ndinkalemba." Anakalandira ndi manja awiri, n'kukabwezera m'bokosi.

Lachitatu, 11 Sepitembala

Anayamba okha. Ine ndikupeta, iwo akumanga mpanda umene mbuzi zinagwetsa, nkhope atalozetsa kwina. Ndilembe msanga ndisanaiwale.

Wosankhidwa kupita ku London anali Che Binali, osati iwo. Wamtali, woguba mokongola. Kale ankaphikira mzungu wa thonje pa Salima, ndiye za London ankazimva patebulo, n'kumazisunga mumtima. Dzina lake litatuluka sanagone, akuti. Anadwala kutatsala milungu itatu kuti akwere sitima ya pamadzi. "Yunifolomu inali itasokedwa kale. Anayang'ana woti imukwane. Inakwana ine, anangopinda miyendo."

Asanamwalire anawapatsa kofiya yake, kachisoti koyera kaja ankavala Lachisanu. Anati, "Ukaionetse London. Ukabwerako ukapatse Asiyatu."

Ku London ankagona m'matenti, m'munda waukulu wa mitengo pakati pa mzinda. Perete atatha anapatsidwa tsiku limodzi loti aziyenda okha. Iwo analawirira kusanache bwino, kofiya ili m'malaya pachifuwa.

Anayambira ku msika wa nsomba. Fungo lake ngati pa doko pathu pomwe, akuti mpaka anaima n'kutsinzina. Amuna achizungu atasenza madengu pamutu ngati amayi a kuno, akutukwanana. Nsomba ina yophwatalala ngati lichero, maso onse awiri mbali imodzi. Anatulutsa kofiya pang'ono, kumphepete kokha. "Ndinati, taona Binali, zimene ukanakana ndikanangokuuza."

Pa wotchi anadikira mpaka iimbe teni. Kulira kwake kumamveka m'mimba, osati m'makutu.

M'basi anakwera pamwamba, mpando wakutsogolo. Nyumba zambiri zogumuka ndi mabomba, khoma limodzi litatsala chiimire, pa khomapo chithunzi chikadali chopachika, pansi maluwa ofiirira atamera okha. Mayi wina wokalamba anawafunsa kwawo. Anati Nyasaland. Sankakudziwa. Anawagwira dzanja osalisiya mpaka pamene anatsikira, akunena za mwana wake amene anapita ku Burma komweko.

Apa panafika a Yohane, oyandikana nafe nyumba, kudzabwereka nkhwangwa. Nkhani inathera pomwepo. Ndinawapatsa nkhwangwayo mtima ukuwawa.

Loweruka, 14 Sepitembala

Masiku awiri zii. Sindinafunse.

Lero anandiperekeza ku dimba kukathirira mpiru. Ndowa yachitatu anaiika pansi n'kukhala pa mzere.

Sitima ya pansi pa nthaka anaikweradi. Potsikira kumeneko pali masitepe oyenda okha, munthu umangoima. Anakumanako ndi anzawo awiri a ku Zomba. Anatsika, anakwera, anatsikanso, katatu konse, akuseka mpaka misozi, azungu nawo akuseka. Kenako pa bwalo la mikango, nkhunda zikutera pamapewa. Wina anawagulira tiyi ndi buledi wotsekemera. Anajambulitsa.

"Amayi a Maria, kuyambira thwelofu koloko masana mpaka fo koloko sindinamukumbuke. Ngakhale kamodzi. Ndinali wokondwa ngati mwana."

Atakumbuka anawasiya anzawo aja, n'kufunsira njira ya ku mlatho. Anafika yekha. Mtsinje wake waukulu, madzi ofiira ngati Linthipe mu Febuluwale. Anati apa pokha aitulutse yonse, ione bwino madzi, poti mwini wake anali msodzi. Anaikweza m'mwamba ndi dzanja limodzi. Mphepo inaikwatula.

Anathamangira mbali ina ya mlatho, galimoto zikuwaimbira. Anaiona. Kanthu koyera, kakang'ono, kakudutsa pambali pa bwato la malasha. Kenako osakaonanso.

Anaima pamenepo ola lathunthu. Mlatho unatseguka ndithu, sitima inadutsa, koma akuti sakudziwa ngati anaona. Za nsomba sanafunse munthu.

"Ndikamuuze chiyani Asiyatu? Kuti ndinavala zovala za mwamuna wake, ndinadya tsiku lake, chisoti chake n'kutaya m'madzi?"

Ndinawagwira dzanja pa dimba pomwepo, amayi a madimba ena akuona. Aone. Lameck, mwamuna wanga. Miyezi itatu atasenza zimenezi yekha, panyanja, m'sitima, mpaka pa mphasa yathu.

Mpiru wa kumunsi sitinathirire.

Lolemba, 16 Sepitembala

Ndachita chinthu chopusa. Ndinawauza bambo a Maria kuti pa sitolo ya Mmwenye ku Salima makofiya oyera alipo, ndingathe kugula imodzi, kuikwinya ndi kuichapa kangapo, ioneke yakale. Iwo anati:

"Anaisoka yekha Asiyatu. Ulusi uliwonse amaudziwa."

Ngakhale akanapanda kuudziwa, likanakhalabe bodza. Ndadzimvera chisoni tsiku lonse. Ine wophunzitsa ana Sande sukulu.

Madzulo Maria anawapatsira madzi akumwa yekha, osatumidwa. Anathawa bambo ake asanabweze chikho.

Lachinayi, 19 Sepitembala

Tapita.

Anadzuka n'kuvala malaya wamba, osati a usilikali. Anati, "Tiyeni, mundiperekeze." Ulendo wa ola limodzi m'mbali mwa nyanja, mchenga ukuotcha kale. Makhadi a zithunzi ali m'thumba.

Tinamupeza Asiyatu akutembenuza usipa pa thandala, mwana wake Mwaiwathu ali pambali. Zaka zisanu ndi ziwiri, kutalika kwa bambo ake. Anatiyalira mkeka pansi pa mtengo wa bwemba. Bambo a Maria anakana mkeka, anakhala pa mchenga.

Ananena zonse. Za kudwala, za amene anamusambitsa ndi kumuika mwa Chisilamu, shehe wa kampu ndi asilikali anzake achiyao. Apa Asiyatu anati "Alhamdulillah" motsitsa, akuti chimene chinkamusowetsa tulo n'chimenecho, ankaopa kuti anangomukwirira. Kenako za yunifolomu. Za maola anayi aja. Za mphepo. Sanadzichepetsere mlandu ngakhale pang'ono. Anafika kumapeto.

Asiyatu anafukula mchenga ndi chala cha kuphazi.

"Madzi amenewo amapita kuti?"

"Ku nyanja yaikulu, yamchere."

"Munaiona ikumira?"

"Ayi. Inkayandama."

"Ndiye ikadali pa ulendo. Mwini wakenso sankakhazikika pakhomo."

Atatero analira. Tonse tinalira, Mwaiwathu akutiyang'ana mmodzimmodzi. Bambo a Maria anayambanso kupepesa za maola anayi aja. Iye anawadula. "Alamu, amuna anga munkawadziwa. Pa masitepe amenewo akanakwera kakhumi. Mukanapanda kuseka inu, akanawasekera ndani?"

Anapukuta m'maso ndi nsalu. "Koma za nsomba ya maso mbali imodzi, pamenepo pokha mwanama."

Bambo a Maria analumbira. Anaijambula pa mchenga ndi kamtengo. Asodzi awiri amene ankasoka khoka chapafupi anabwera kudzaona, mkangano unabuka, wina akuti nsomba yotero ingamasambire chozungulira. Bambo a Maria anafotokozanso tsiku lonse kuyambira m'mawa, ulendo uno ataimirira, akusonyeza ndi manja mmene mlatho umatsegukira. Ndiye kuti anauona.

Makhadi anamusiyira onse anayi. Iye anatipatsa usipa wodzaza mbale, kukana kunakanika.

Pobwerera anayenda m'madzi, nsapato zili m'manja.

Loweruka, 21 Sepitembala

Asiyatu watuma mawu kudzera kwa mlongo wake. Akuti nkhani ya pakamwa imatha, akufuna tsiku lija lilembedwe, lonse, kuti Mwaiwathu akadzaphunzira kuwerenga adzadziwerengere yekha kumene kofiya ya bambo ake inayenda. Akuti masitepe asawasiye.

Bambo a Maria afunafuna pepala m'nyumba monse. Kulibe, koma buku langa lino. Sindinkadziwa kuti amalidziwa. Anaima pakhomo ngati mwana wa sukulu. "Amayi a Maria, kumapeto kwake kwatsala masamba?"

Atsala asanu ndi anayi. Ndati atenge onse.

Afunsa kuti munthu amayamba bwanji. Ndati mumalemba tsiku pamwamba, zinazo zimabwera zokha. Akuti ndikhale pafupi, dzanja lawo linaiwala Chinyanja. Ali pakhonde, ayala kale bokosi lija ngati tebulo, Maria wakhala chapatali pang'ono akuonerera.

Pensulo ndi imodzi m'nyumba muno. Akuidikira.