Milandu ya Mbuzi mu Sitandade 3

Lolemba, 4 Febuluwale 1957
Fupa la ng'ombe lija amakoleka m'khosi mwa mwana akalankhula Chichewa, lero ndaliponya m'chimbudzi. Ana makumi atatu, onse duu chaka chathunthu, kuopa fupa. Aphunzitsi aakulu a Filimoni akuti, "Inu a Yotam, Chingerezi chanu n'cha kukhitchini kumigodi ya ku Wankie." Inde n'cha kukhitchini. Koma chimatuluka pakamwa.

7 Febuluwale
A Filimoni akandineneza kwa oyang'anira masukulu. Mzungu wake abwera mwezi wamawa. Ana akakhala chete pamaso pake, ntchito yanga yatha. Ndilibe pepala la kukoleji loti linditchinjirize.

15 Febuluwale
Ine chinenerochi ndinachidziwa pokangana ndi akapitawo. Ndiye basi, tizikangana. Buku pambali, tonse pansi pa mkuyu. Mlandu: mbuzi ya Mateyo yadya mtedza wa Clementina, mtsikana amene sindinamumvepo ngakhale kutsokomola. Lamulo limodzi, wosowa mawu a Chingerezi wagonja. Wagonja Mateyo. Clementina mpaka thukuta!

22 Febuluwale
Milandu inayi sabata ino. Ana akumabwera nayo okha kuchokera kwawo ku Mkaika. Ndinakalipira mnyamata wina, Jailos, kwambiri Lachitatu, analira. Ndinalakwa. Sindinamuuze.

Lachiwiri, 5 Malichi
Wabwera mzungu. Galimoto waimika pamizere ya mtedza wa sukulu. A Filimoni kumangowerama. Clementina anaimirira osaloledwa, m'Chingerezi, "Bwana, mwaponda mtedza wathu. Tinalima ndife. Chotsani galimoto." Kalasi lonse kumuthandiza, uyu mawu, uyu mawu. Mzungu anafiira makutu, anatuluka, anakaisuntha. Ine ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Wanga ameneyo!

25 Malichi
Kalata. Sanandichotse ntchito. Andisamutsira ku Vubwi, sukulu ya udzu kumalire, Meyi akayamba. Akuti kumeneko ana salankhula. Mphotho kapena chilango, sananene. A Filimoni akuyenda akuimba mluzu. Akazi anga, mayi a Susan, alira, nyemba zawo zili m'munda.

27 Malichi
Ana alembera oyang'anira kalata okha, m'Chingerezi, kukana kuti ndichoke. Ine osadziwa. Jailos ndiye anagwira pensulo. Andibweretsera kuti ndikonze. Zolakwika khumi ndi chimodzi, ndaziwerenga kawiri. Siithandiza kanthu, ndikudziwa, ku Vubwi ndipita ndithu.

Sindinakonzemo ngakhale chimodzi. Ipite momwemo, akaone kuti sinalembedwe ndi ine.