Nkhuku Zanu Amachinja Ndani?

Achimwene,

Ndikhulupirira kuti inu ndi alamu muli bwino ku Joniko. Kuno tili bwino, miyendo ya amayi yasiya kutupa.

Za lesitilanti yathu ya ku depoti ya Limbe musadandaulenso. Chikwangwani chimene munandilangiza chija ndinalembetsa, koma madalaivala ankangodutsa. Tsiku lina ndinaimitsa mmodzi n'kuwafunsa kuti, "Bambo, chakudya changa chinakulakwirani chiyani?" Iwo anaseka, amvekere, "Mayi, nkhuku zanu amachinja ndani?" Manyazi anandigwira. Zaka zonsezi ndakhala ndi Asilamu, koma zimenezo osaziganizira!

Ndiye ndalemba ntchito Che Amidu, dalaivala wopuma wa ku Chilobwe. M'mawa amachinja nkhuku, masana amakhala pakhomo atavala mzuli, kupereka moni kwa anzawo akale. Pano mipando ikuchepa.

Mchimwene wa alamu amene ankafuna ntchito uja sindinamulembe, chifukwa malo anali amodzi. Muwafotokozere bwino asakwiye. Tikadzatsegula ina ku Makata ndidzayambira iyeyo.

Pobwera mudzandigulire filiji, osati chikwangwani china. Changa chilipo kale, chimavala mzuli, ndipo chimadziwa makasitomala mayina.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Esinati