Malemu amuna anga akuvotabe, ukwati wanga waima

Aphungu,

Ine kusukulu sindinapondeko, ndiye kalatayi ndikungolankhula, akulemba ndi Mayi Folake, atelala amene tinayandikana pamsika. Ndawauza kuti alembe momwe ndikunenera, osakometsa, ndiponso asiye kuseka chifukwa nkhaniyi yandiwondetsa.

Amuna anga, a Famoroti, anamwalira zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Anamwalira bwinobwino, anthu akuona. Tinawaika pakhonde la nyumba yathu, pamwamba tinathira simenti, ndipo mpaka lero ndimayanikapo tsabola. Ndikunena zimenezi kuti musaganize kuti mwina anangosochera.

Tsono ndapeza banja. Inu Folake, lembani, musatsokomole. Ndi Baba Ogunleye, akalipentala, munthu wamkulu ngati ine ndemwe, mano ambiri akadali nawo, mowa anasiya. Chaka chathunthu akhala akubwera kudzakonza chitseko changa, chitseko chabwinobwino, mpaka ndinawafunsa kuti, "Baba, mukufuna chitseko kapena mwini chitseko?" Iwo anati zonse. Ana anga anavomera, awonso anavomera, tsiku tinapangana: Loweruka lachitatu la mwezi wamawa.

Ndiye kwabwera chisankho cha bwanamkubwa wa chigawo chathu ndi wachiwiri wake. Mukudziwa kuti amamata mayina a ovota pakhoma la sukulu. Abusa athu, a Adeyanju, anapita kukayang'ana dzina lawo, n'kupezako a Famoroti. Dzina, chithunzi, ndi chipewa chawo chopindikira kumanja chija. Atafunsafunsa anamva kuti bamboyo wavota zisankho ziwiri chimwalirireni, ndipo maulendo onse awiri anali m'gulu la oyambirira.

Aphungu, munthu ameneyu ali moyo sanavotepo n'kamodzi komwe. Ankadzuka ndi mtima wonse, n'kuima panjira kuti alaweko mowa wa uchema pang'ono, pokafika kusukulu n'kupeza akuwerenga kale mavoti. Lero ali pansi pa simenti ndiye waphunzira kusunga nthawi.

Abusa anandiitana. Akuti, "Mama, mpingo uno sukwatitsa mkazi wa mwini. Boma likuti amuna anu alipo." Ine ndinati, "Abusa, si inu munalalikira pamaliro pawo? Mbuzi ija simunadye nawo, mpaka kupempha chiwindi?" Iwo amvekere, "Kulalikira ndinalalikira, koma mawu anauluka. Boma lili ndi pepala. Mundibweretsere pepala loposa la pakhoma lija." Chikalata cha imfa ife sitinatenge. Nthawi imeneyo tinkaganiza kuti manda akwanira.

Apa ndiulule tchimo langa. Mlamu wanga Bamidele, mng'ono wawo wa malemu, ndi amene amasonkhanitsa anthu a chipani cha Ketulo kuno kwathu. Maliro atatha anatenga wailesi, nsapato, ndi timakhadi tonse tinali m'chikwama cha achimwene ake. Chisankho chikamayandikira amabwera ndi timatumba tiwiri ta mpunga, n'kunena kuti, "Aka n'kanu, aka n'ka achimwene." Ine ndinkati n'chipepeso. Ndinadya, Aphungu. Ka achimweneko ndi kamene kanalibe miyala.

Ndinapita kwa Bamidele kuti tikawachotse pamndandanda. Analumpha ngati wapondedwa pachilonda. "Mkazi wathu, mukufuna kuwapha kachiwiri achimwene? Ali moyo sanathandizepo banja lino, lero ayamba kugwira ntchito inu mukuti achotsedwe? Munthu wathu akapambana atithirira phula mumsewu wa kumsika, ndipo achimwene adzakhala atachitapo mbali yawo." Ndinamuuza kuti phula limenelo andale analilonjeza kalekale, a Famoroti akadali ndi tsitsi. Iye anati n'chifukwa chake achimwene ake sayenera kufooka.

Nkhani sigona. A chipani cha Makwerero anamva, n'kufika anayi atanyamula mchere ndi nsalu ya nkhope ya munthu wawo. Wamkulu wawo anagwada pamanda, kupondereza tsabola wanga yense, n'kunena kuti, "Mama, malemuwa mumtima anali athu. Inu mumagona nawo pafupi, muwanong'oneze kuti ulendo uno asinthe." Ndinawauza kuti zaka makumi anayi ndinkawanong'oneza kuti asiye uchema, sanamve, ndiye ayambe kundimvera lero?

Koma chimene chandilembetsa kalata ndi ichi. Bokosi la a Famoroti anakhoma ndi Baba Ogunleye omwewa. Pano akamadutsa pamsika, amuna a njinga zamoto amakuwa kuti, "Akalipentala, misomali inali ingati? Kapena munamata ndi phala?" Sabata yatha kunagwa maliro a mpingo wina kuseri kwa mzikiti, bokosi anakagula kutauni ina, akuti sakufuna kuti agogo awo azidzayendayenda. Baba asiya kudya, ndi zilazi zosinja zomwe, zimene amazikonda kuposa ine. Akuti, "Zaka makumi asanu ndikukhoma mabokosi, palibe anatulukamo. Lamulungu likubwerali, tikaweruka kutchalitchi, ndibwera ndi piki, tiswe simentiyo anthu onse aone. Mukakana, ukwati palibe. Sindingagone m'nyumba imene mwini wake amadzuka pa zaka zinayi zilizonse."

Ine maganizo anga anali oti ndidikire tsiku lovota, ndikakhale pakhomo la sukulu ndi munsi, amene adzayankhe dzina la Famoroti ndidzamulonjere monga mkazi wake. Koma chisankho chili pambuyo pa tsiku la ukwati, ndipo pa msinkhu wathuwu tsiku silisunthidwa chisawawa. Wina mwa ife atha kutsogola kukavota limodzi ndi malemuwo.

Chinanso, Folake lembani ichi pang'onopang'ono. Nditapita kukaona ndekha pakhomapo, ndinaima nthawi yaitali. Chithunzi chawo china ndilibe. Anali wovuta, koma anali wanga. Kukauza boma kuti limufufute, mtima ukulemera.

Ndiye ndichite chiyani? Ndiwalole Baba aswe khonde langa?

F.A., Ijero

Mama F.A.,

Khonde lisaswedwe. Munsi ukhale mumtondo. Amuna anu sanadzuke, ndipo inu mukudziwa bwino amene amawayendetsa, poti mpunga munaulandira m'manja mwake. Za mpungawo musadzizunze: munadya, unatha. Ukabweranso, ka achimweneko mukabweze.

Mayina amamatidwa pakhoma ndi cholinga chimenechi, kuti anthu anene olakwika ndi omwalira. Koma masiku ake amakhala ochepa, ndiye nsalu yanu yoyendera muchape lero.

Yambirani kwa abusa. Mpingo uliwonse uli ndi buku la maliro. Alitsegule, apeze tsikulo, alembe kalata ndi dzanja lawo. Munthu wokonda mapepala chonchi alembeko limodzi. Kenako mutenge kalatayo, mutenge abusawo, mutenge Baba Ogunleye, mupite kukhoti kukalumbira kuti a Famoroti anamwalira. Mboni zoposa pamenepa simungapeze: wina anakhoma, wina analalikira, inu munalira. Ndi lumbiro limenelo mukatenge chikalata cha imfa, mukachionetse ku ofesi yoona za chisankho. Chikalata chomwecho n'chimene chidzatsegule pakamwa pa abusa tsiku la ukwati. Musanyamuke osafunsa dzina la amene wakulandirani, ndipo Mayi Folake alilembe.

Musanatero, dutsani kusukulu kuja. Mayi Folake ajambule chithunzicho ndi foni, mukachitsukitse, chikhale m'nyumba mwanu. Kuwachotsa pakhoma si kuwapha, mama. Ndi kuwalanditsa kwa anthu amene akuwagwiritsa ganyu osawafunsa. Ali moyo ankachedwa mwa kufuna kwawo. Asiyeni agone.

Baba Ogunleye muwauze mawu anga awa: chimene chawawawa si chikondi, ndi misomali. Akaswa manda, a njinga zamoto sadzasiya kuseka, adzangosintha nyimbo, ndipo apolisi adzabwera kudzaimba nawo. Ulemu wawo ubwerera tsiku limene woweruza adzalembe kuti bokosi lawo likugwirabe. Koma inunso muwayang'ane bwino. Mwamuna amene waopseza kuthetsa ukwati usanayambe, mumufunse modekha ngati chizolowezichi akubwera nacho m'nyumba. Akapepesa, asinjireni zilazi.

Kwa Bamidele musapitenso nokha. Itanani akuluakulu a banja, mupemphe khadi lovotera la malemu iwo akumva, mwaulemu, kamodzi kokha. Akakana musalimbane naye. Dzina likachoka pamndandanda, khadilo lingokhala chopalira mano.

Tsono mvetsetsani ichi. Masabata ano anthu a zipani mitu yawo siili bwino, ndipo mukuwalanda munthu amene sanawakhumudwitsepo. Musalengeze pamsika za ulendo wanu, muuze anthu mutabwerako. Ndipo a ku ofesi akadzamata mndandanda watsopano, mudzapite ndi Mayi Folake akakuwerengereni mzere ndi mzere mpaka apeze dzina lanu. Anthu odziwa kudzutsa akufa amadziwanso kukwirira amoyo, ndipo abusa anuwo, momwe ndawamvera, sangadalitse ukwati wa mtembo.

Aphungu