Chingelezi cha Esinati

Amayi anga, kodi kumeneko muli bwanji? Ife kuno ku Kitwe tilipo. Mimba munandisiya nayo ija inabala mwana wamwamuna, tinamutcha Yona, pano akukwawa. Kadimba kanga ka kudambo kanabereka maungu, koma chimanga anthu anaba chisanakhwime.

Mng'ono wanga Esinati ndinamutenga monga munanenera, anadzakhala nafe m'komboni. Nkhani yake ndiyo yandilembetsa kalatayi.

Bambo a Yona atawakweza kukhala kalaliki ku ofesi ya mgodi, anati mkazi wa kalaliki asamasowe chonena pamaso pa azungu. Ndiye akaweruka ankatikhazika pakhonde, ine ndi Esinati, n'kumatiphunzitsa Chingelezi. Akuti azungu sanena "did not", amameza pakati n'kuti "didn't", ndipo tiziomba m'manja kuwerenga zidutswa za liwulo. Ine ndinkati di-di-nti, n'kuomba katatu. Esinati ankaomba kawiri, n'kukhoza. Pa "can't" ine kawiri, iye kamodzi, n'kukhozanso.

Amuna anga ankaseka n'kumati mlamu wawo ali ndi khutu la mzungu. Nanga ine, mwana ali kubere, ndikanaomba ndi manja ati? Mapeto ake ankangoomberana awiriwo, ine ndili kuseri ndikuchapa. Munkakonda kunena kuti nsanje ndi nankafumbwe, imadya nkhokwe ya mwini wake. Ndinkakumbukira, Amayi, koma ndikamva kuseka kwawo ndinkasiya kuchapa n'kutchera khutu.

Choipa sindinawapeze nacho, ndisawanamizire. Mwezi watha Esinati wakwatiwa ndi mphunzitsi wa ku Ndola, mnyamata wakwathu ku Nyasalande. Kutchalitchi palibe amene analuluta kuposa ine.

Titabwerako ndinagoneka Yona, ndinayala mphasa pakhonde, n'kuwauza bambo ake kuti tsopano ndapeza mpata, tiyambe. Iwo anayang'ana pamene ankakhala Esinati. Kenako anati atopa, ndiponso Chinyanja ndi Chibemba zimandikwanira pamsika. Kuyambira tsiku limenelo, m'nyumba muno simunamvekenso Chingelezi.

Mvula ikatha ndidzakwera sitima kukamuona Esinati ku Ndola. Ndikulonjeza kuti ndidzamutengera maungu, ndipo sindidzamufunsa kanthu, poti nayenso ndi mwana wanu.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani.

Ine mwana wanu,
Loisi