Wolawa Mkaka wa Bambo

Okondedwa achimwene Ohaj,

Mtendere ukhale nanu. Kodi muli bwanji ku Port Sudan, msana ukupirira matumba a padoko? Kuno tikudzuka, tithokoze Mulungu, koma mvula sinagwebe.

Amalume anasamukira ku mtsinje wa Gash ndi ziweto zawo. A banja lathu m'chigwa muno tatsala ine, bambo ndi ngamila ija yamkaka. Mapira anatha.

Bambo mukuwadziwa. Amakama m'mawa, koma potsata mwambo wathu sangamwe mkaka wokama okha mwamuna wina asanalawe. Ndinalawa ine, akuti mlomo wa mwana wamkazi suwerengedwa. Ankakhala panjira ndi chikho pamiyendo kudikira wapaulendo, mpaka mkakawo kusasa. Ine kumakhuta, iwo nthiti zikuwerengeka. Ndinawakalipira, ndinalira, iwo anangoti sanakalambire kuti adzafe ngati mbala ya mkaka.

Tsono musandikwiyire. Ndinapita kwa Adarob, yemwe uja munamutema mkono pachitsime chaka chatha. Mwamuna wina woti n'kumalawa mkakawo kuno kulibe. Anandifunsa ngati amuna a kwathu anatha kuti mpaka atume mkazi. Ndinamupemphabe.

Koma anabwera, ndipo akubwera m'mawa uliwonse. Amalandira chikho ndi mkono wachipsera womwewo, mwadala, kulawa kamodzi n'kubwezera bambo. Khofi wathu amakana. Akamanyamuka amandifunsa funso limodzi lokha, loti mubwera liti. Lupanga lake salisiya pangamila, amakhala nalo pamphasa.

Dzulo wanena kuti mwezi uno ukafa akusamukira kumapiri, msipu wamuthera. Akuti nkhalamba sanayambane nayo, koma inu muli naye nkhani, ndipo akufuna muikambe maso ndi maso asanapite. Ndinamufunsa ngati ndi nkhani ya mtendere. Anangoseka.

Ndili ndi mantha, achimwene. Mukabwera, sindikudziwa chimene akukusungirani. Mukapanda kubwera, bambo abwerera panjira paja ndi chikho chawo, ndipo mphamvu zodikira alibenso. Ndalama musatumize, sizilawa mkaka.

Bambo sakudziwa kuti ndalemba. Usiku amayang'ana mwezi, ine ndimayang'ana iwo.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Mulungu akutsogolereni panjira. Chonde bwerani, ndipo lupanga lanu mulisiye komweko. Kuno tikungofuna mlomo wanu.

Ndine mlongo wanu,
Nafisa