Mzere Umene Ndinalemba Pakhonde

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno ndili bwino, kungoti msana ukudandaula ndi kuwerama pa makina osokera tsiku lonse.

Kalata yanu ndalandira. Mwati amayi ayambanso kumva chizungulire, ndipo mapilitsi awo a kuthamanga kwa magazi sakutsika m'botolo. Chonde musawakalipire. Wolakwa ndine, ndipo manyazi andigwira.

Paja maso awo sawerenganso wotchi. Tsiku lonyamuka lija ndinatenga msomali n'kukanda kamzere pa simenti ya pakhonde, pamene nsonga ya mthunzi wa nsanamira inafika nthawi ya 8 koloko m'mawa. Ndinawauza kuti azimwa mankhwala mthunziwo ukagunda mzere, usanagunde ayi. Ndinachoka ndikudziona wanzeru kwabasi.

Kuno kushopu kuli kazenera kamodzi kokha, cha m'mwamba. Nditangoyamba ntchito, dzuwa linkagwera pa makina anga nthawi ya tiyi yeniyeni, moti wotchi ndinalibe nayo ntchito. Kenako anandisunthira kuchipinda cha kuseri miyezi inayi. Sabata yatha andibwezera pamalo panga pakale. Dzuwa litangogunda makina, ine nyamu, kukatereka ketulo. Anzanga anaseka mpaka misozi, ati njala yandizunguza mutu, nthawi ya tiyi ikadali kutali.

Mdala wodula nsalu ndiye anandikhazika pansi. Anandionetsa kuti masiku ano nthawi ya tiyi kuwala kumagwera patebulo lositira. "Mwana iwe, dzuwa silidutsa njira imodzi chaka chonse," anatero, "limasuntha pang'onopang'ono."

Achemwali, pomwepo ndinakumbukira mzere wanga wa pakhonde uja. Amayi mumawadziwa, zimene wanena mzime wawo ndi lamulo. Ndiye kuti akumakhala pakhondepo ndi kapu ya madzi m'manja, kudikira mthunzi umene ukudutsa patali ndi mzere wanga, tsiku n'kutha osamwa mankhwala.

Pempho langa ndi limodzi. Alamu ali ndi wotchi. Lamlungu lililonse 8 koloko ikakwana, azilemba mzere watsopano ndi choko pamene mthunzi wafika, ndipo aziwaonetsa amayi. Tsiku la mitambo muziwakumbutsa ndinu. Koma wa msomali uja musaumate. Mdalayo akuti chaka chikakwana mthunzi umabwerera pamalo pomwepo pa ola lomwelo, ndipo ine ndapempha kale tchuthi cha sabata imeneyo.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali, ndi kwa ana onse, makamaka wokana kusamba uja. Amayi muwauze kuti aziyang'ana mizere iwiriyo. Tsiku limene wa choko udzakumane ndi wa msomali, madzi omwera mankhwala ndidzawatungira ndine.

Ine mlongo wanu,
Mzime wa amayi