Dzina la pa Nsalu Yofiira

Ansan, Korea

Okondedwa achemwali a Raisa,

Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu? Nanga bambo, chifuwa chija chikuwalola kugona? Ine ndilipo, ngati kuimirira tsiku lonse pa makina odula mapaipi n'kukhalapo.

Za kuno ndi zomwe zija. Kwathu ku Tashkent ankatitcha Akoreya, kuno akutitcha Arasha. Kapitawo wathu amandiitana ndi likhweru. Tsiku lina ndinamugawira makaroti athu a tsabola, iye n'kununkhiza, n'kufunsa ngati kwathu timadyera limodzi ndi mbuzi. Inde, kuyunivesite sindinamalize, koma mabuku amene ndinawerenga ine, iyeyo sangawanyamule n'komwe.

Tsopano za nsalu yofiira yodzayala pa bokosi la maliro la bambo. Munati ndikalembetsepo dzina lawo kuno, poti a Shegay amene ankalembera mudzi wonse zilembo za Chikoreya anatisiya. Ndinapita. Wolembayo, nkhalamba ya magalasi, anandifunsa dzina la bambo. Ndinati Afanasiy. Anaika burashi pansi, nati akufuna dzina la munthu, osati la mankhwala a chifuwa. Akuti makolo kumandako sangalandire munthu pa dzina lomwe sanamupatse. Ndinamuuza kuti pomwe agogo athu ankawapakira m'sitima ya ng'ombe mu 1937 kukawataya m'mabango a Uzbekistan, agogo ake anali phee pakhomo kuno ku Korea. Ndinamenyetsa chitseko.

Koma achemwali, nkhalambayo sinaname. Bambo ali nalo dzina lina, lomwe agogo ankawaitanira kumunda wa mpunga. Agogo anapita, mayi anapita. Latsala m'kamwa mwa bambo mokha.

Pempho langa ndi limodzi: afunseni. Ndikudziwa munena kuti kutero n'kuwauza kuti tayamba kukonza maliro ali moyo. Bambo si mwana, magazi amene akulavula amawaona. Chomwe amaopa n'kukafika kwa mayi awo n'kuonedwa ngati mlendo. Musadikire kuti apezeko bwino, sapezako. Akakuuzani, mundiimbire, mulitchule momwe alitchulira iwowo. Ndibwerera kwa nkhalamba ija, ndikaiweramira mpaka mutu pansi. Mukundidziwa, sindinaweramirepo munthu.

Moni kwa alamu a Vitaliy, azakhali a Zoya ndi ana. Bambo muwagwire dzanja, muwauze kuti Korea ndi wokongola. Bodza limenelo ndalisenza ine.

Afunseni lero, mawu asanawathere.

Ndine mlongo wanu,
Stas Yugay